Mafunso Anu: Ndijambule Bwanji Mawu a Agogo Kuti Amveke?

Makalata ambiri amene afika mwezi uno akulira chinthu chimodzi. Munthu wajambula mawu pa foni, wabwerera kwawo mtima uli m'malo, koma pokamvetsera wangopeza phokoso. Ndasankhapo makalata asanu ndi imodzi. Yoyambayo ndaiyankha motalika, chifukwa zimene zinawagwera mayiwa zinandigweranso ine.

Zikomo bambo. Ine ndimakhala ku Area 25 ku Lilongwe koma kwathu ndi ku Ntcheu. Pa Khirisimasi ndinapita kumudzi ndipo ndinapempha agogo anga aakazi, omwe zaka zawo zapitirira 85, kuti andifotokozere mmene makolo athu anachokera ku Domwe, mayina a azigogo awo, komanso malire a minda yathu. Anayankhula pafupifupi ola lathunthu. Foni yanga ya Tecno ndinaiika pa tebulo pabalaza. Nditabwerera kutauni ndinapeza kuti mawu awo akumveka ngati ali m'mgolo, ndipo theka lake ndi mvula pa malata ndi phokoso la ana. Ndipitanso mu Ogasiti. Kodi ndigule foni yodula? — Mayi wa ku Area 25

Mayi, ndalama ya foni yatsopanoyo mukagulire agogo bulangete, paja kuzizira kwa ku Ntcheu mukukudziwa. Tecno muli nayoyo ikwanira. Ine ntchito yojambula mawu a pa wailesi ndinaiyamba ndi kamakina ka kaseti kolendewera pa phewa, ndipo foni wamba ya masiku ano imatola mawu moyera kuposa kamakina kaja. Chinakusokonezani ndi pamene munaiika foniyo.

Itembenuzeni muone kumunsi kwake, pafupi ndi polowetsera tchaja. Pali kabowo kakang'ono ngati kobooledwa ndi singano. Khutu la foni ndi limenelo. Khutu lathu ife lili ndi mutu kumbuyo kwake, n'chifukwa chake munthu amatha kumva mnzake pakati pa msika wa Lizulu n'kusiya phokoso lonselo. Kabowoko sikasankha. Chimene chafika mwamphamvu ndicho kamatenga. Tsono mawu amafooka msanga akamayenda. Mtunda ukachuluka kawiri, mphamvu yofika pa kabowoko imachepa kanayi, zimene akatswiri amaziwerenga kuti ma decibel 6. Tinene kuti agogo anakhala mamita awiri kuchokera pa tebulo. Mukanasendeza foni kufika theka la mita, mawu awo akanafika ndi mphamvu yochuluka ka 16, mvula ya padenga ili chimodzimodzi. Palibe foni yodula imene ingakupatseni phindu lotere.

Muyeso wanga ndi wa dzanja. Litambasuleni: kuchokera ku chala chachikulu kufika ku chaching'ono ndi masentimita pafupifupi 20. Foni italikire pakamwa pa agogo muyeso umenewo, kapena umodzi ndi theka. Koma isaloze pakamwa mwachindunji. Chichewa chathu chili ndi zilembo zotuluka ndi mpweya, ph, th ndi kh. Ikani chikhatho patsogolo pa milomo munene kuti pala, kenako phala. Kola, kenako khola. Mumva kamphepo kakumenya chikhatho pa mawu achiwiriwo. Kamphepo kameneko kakalowa m'kabowo kaja kamamveka ngati wina wagunda ng'oma. Ndiye foni ikhale cham'mbali pang'ono, molunjika chibwano kapena tsaya.

Ndikudziwa chimene chikuvuteni, pakuti chinandivuta. Mu 2013 ndinapita kwathu kukajambula malume anga, amene anali mwini mbumba. Zida ndinali nazo zabwino, koma ndinachita manyazi. Ndinaona ngati n'kupanda ulemu kulozetsa chinthu kukamwa kwa munthu wamkulu, choncho ndinaika maikolofoni patali pa mpando. Munali mu Januwale, pansi pa malata. Nditamvetsera madzulo ndinadziuza kuti ndidzabweranso chilimwe. Malumewo anatisiya mu Meyi. Fayilo ija ndikadali nayo. Pamene akutchula dzina la mayi amene anabereka agogo athu, mvula inakula, ndipo mpaka lero palibe wa m'banja mwathu amene amalimva dzinalo. Tamvetserapo kambirimbiri.

Choncho musachite manyazi. Khalani pansi pa mphasa monga mdzukulu, muwauze kuti, "Agogo, kanthu aka n'kogontha, ndikaike pafupi nanu." Akuluakulu amamvetsa, ndipo pakatha mphindi zisanu amakaiwala. Musaigwire m'manja ola lonse, chifukwa dzanja limatopa, zala zimakwecha, ndipo zonsezo zimalowa. Ikani kampando kapena katoni pambali pawo, pindani chitenje kanayi, foni ikhale pamwamba pake, kabowo kataloza kwa iwo n'kutulukira pang'ono kunja kwa nsalu. Pa tebulo lopanda nsalu, kapu iliyonse yoikidwa pansi imamveka ngati bingu.

Kumveka ngati m'mgolo kuja ndi kwa balaza. Simenti pansi, makoma osalala opanda kanthu, malata kumwamba opanda siling'i. Mawu amagunda khoma n'kubwerera, kugundanso lina n'kubwerera, ndipo foni imamva liwu limodzi kangapo, ulendo uliwonse mochedwerapo. Musanayambe, ombani m'manja kamodzi m'chipindamo. Mukamva kulira kukutsalira m'mbuyo, tulukanimo. Nyumba yofolera udzu, yozira ndi dothi, ndiyo malo abwino koposa amene ine ndinajambulirapo, ndipo mvula pa udzu simveka ngati pa malata. Ikasowa, lowani kuchipinda komwe kuli bedi, zofunda ndi zovala zopachika. Mu Ogasiti chimanga chidzakhala chili m'matumba, ndipo chipinda chosungiramo matumbawo chimameza mawu obwerera bwino kwambiri.

Mvula mu Ogasiti kulibe, koma kuli mphepo. Pabwalo kapena pakhonde loyang'ana kumene mphepo ikuchokera musajambulirepo. Kamphepo kamene inu simukukamva n'komwe, pa foni kamalira ngati nsalu ikung'ambika. Agogo akakana kulowa m'nyumba chifukwa akuothera dzuwa, khalani kuseri kwa khoma, ndipo muveke foniyo sokosi yochapa kumunsi kwake.

Nthawinso muisankhe. M'mamawa kuli atambala ndi mbuzi zofuna kutuluka m'khola. Madzulo kuli mapoto, mawailesi a oyandikana nawo ndi anthu obwera kudzapereka moni kwa mlendo wa kutauni. Ine ndimakonda pakati pa 9 koloko ndi 11 koloko m'mawa, nkhalamba isanatope. Ngati ana ali pa holide, pemphani mlamu wanu apite nawo kudimba. Chigayo chikakhala pafupi, funsani nthawi imene chimapuma.

Zotsalazi n'zazing'ono koma zimapulumutsa. Foni ikhale pa flight mode, chifukwa munthu akaimba, mafoni ambiri amadula kujambula osakuuzani. Batire likhale lodzaza. Jambulani theka la mphindi moyesa, muvale mahediseti mumvetsere, ndipo pokhapo muyambe zenizeni. Poyambirira nenani nokha tsiku, mudzi, mfumu ya m'deralo, dzina la agogo ndi mfunda wawo, kenako muwafunse foni ikujambula ngati alola kuti mawu awo asungidwe ndi kumvedwa ndi adzukulu. Pali nkhani zina za m'banja zimene anganene kuti izi zokha zimitsa kaye. Muzimitsedi. Musapitirire mphindi 20 kapena 30 ulendo umodzi. Sungani, amwe madzi, muyambe fayilo ina, kuti imodzi ikaonongeka zina zitsale.

Pomaliza pali chizolowezi chathu. Ife munthu wamkulu akamayankhula timavomera: eee, inde, ndithu, ogo! Ndi ulemu, ndipo kukhala duu kumaoneka mwano. Koma inu ndinu wamphamvu mawu kuposa agogo, ndiye eee wanu amakwirira dzina limene mwayendera ulendo wonsewo. Auzeniretu kuti muzivomera ndi mutu ndi maso. Akatchula dzina la munthu kapena la malo, dikirani amalize, mubwereze inuyo momveka: "Mwati anali aNangozo?" Akavomera, dzinalo lalowa kawiri. Pokhapokha akayamba nthano, pamenepo "tili tonse" musamusiye, chifukwa nthano yopanda ovomera siyenda.

Bambo, ine ndine mlembi wa gulu la banki m'khonde kuno ku Mchinji. Tilipo anthu 22. Chaka chatha pogawana ndalama panabuka mkangano, wina akuti anabweza ngongole yonse, ena akuti ayi, ndipo m'buku munali mofufutafufuta. Tinagwirizana kuti tizijambula misonkhano. Timaika foni pakati, koma amamveka ndi okhawo ali pafupi, enawo ngati udzudzu. Titani? — Mlembi, Mchinji

Amlembi, foni imodzi pakati pa anthu 22 okhala mozungulira pansi pa mtengo siingathe. Kuonjezera pa mtunda ndafotokoza pamwambapa, foni ili ndi khalidwe lina: pakakhala zii imadzikweza yokha, pakabuka phokoso imadzitsitsa. Mayi mmodzi akaseka pafupi nayo, kapena mwana wa kumsana akalira, imatsika, ndipo wa kumapeto uja amene amatchula ndalama zake nthawi yomweyo amasowa.

Koma taganizani, chimene munakanganirana n'chiyani? Ndalama yolowa ndi yotuluka. Ndiye simukufunika kujambula msonkhano wonse kuyambira pemphero mpaka kubalalika. Aliyense wogula masheya, wobweza kapena wotenga ngongole amabwera kale kutsogolo kwa owerenga ndalama. Foni ikhale pamenepo, pa kampando kake, pa nsalu yopinda. Munthu akafika anene dzina lake, chimene wabwerera, ndi ndalama yake. Owerenga ndalama akawerenga abwereze mokweza chiwerengerocho ndi ngongole yotsala. Wapampando afunse gulu kuti mwamva, gulu livomere. Munthu mmodzi satha ndi theka la mphindi lomwe, ndipo chiwerengero chilichonse chalowa kawiri, kuchokera pakamwa pa anthu awiri.

Foniyo musaiike pa bokosi la ndalama. Chitsulo, maloko ake atatu aja ndi makobidi ogwera m'mbale zimaboola makutu pomvetsera.

Ikakhala nkhani yokambirana, monga kusintha chiwongoladzanja kapena chilango cha ochedwa, foni iziyenda. Wapampando akapereka mpata kwa munthu, wina amufikitsire foni, ndipo wopanda foni pafupi adikire. Magulu amene ndawaonapo akuchita zimenezi, kulankhulira pamodzi kunachepanso.

Fayilo iliyonse muipatse dzina la tsiku lake musanabalalike, ndipo ikhale m'mafoni a anthu awiri osiyana, osati a pachibale. Mulembe m'malamulo a gulu kuti nonse mwavomera kujambulidwa, komanso kuti mawuwo sadzatumizidwa kwa munthu wa kunja. Ngongole ya munthu ndi chinsinsi chake. Pali amayi ena amene amuna awo sadziwa kuti ali ndi masheya angati, ndipo ali ndi zifukwa zawo. Bukunso musalitaye mtima. Polakwika musafufute, dulani mzere umodzi, mulembe pambali, mwini wake asayine kapena adinde chala.

Achimwene, ine ndili ku Johannesburg chaka chachisanu ndi chitatu. Ana anga anabadwira konkuno ndipo Chichewa chikuwavuta. Mayi anga ku Nkhotakota amadziwa nyimbo za pamtondo ndi nthano zambiri. Ndinawaimbira pa WhatsApp, n'kutsegula sipika, n'kujambula ndi foni ya akazi anga, koma mawu akudukaduka ndipo ana akuti sakumva kanthu. Pali apu yojambulira mafoni imene mungandiuze? — Wa ku Joni

Achimwene, apu musavutike nayo. Kuyambira mu Meyi 2022, Google inaletsa mu Play Store mapulogalamu a anthu ena amene ankajambula mafoni podzera m'njira yothandizira olumala, ndipo ambiri otsalawo amangotola mbali yanu yokha. Mafoni ena amabwera ndi batani lake lojambulira, ndipo Apple inaika lake mu 2024 pa iOS 18.1, limene limalengeza kwa onse awiri kuti mawu akujambulidwa. Koma ngakhale mutakhala nalo, mudzajambula mawu ofika kale ophwanyika. Lamya wamba imanyamula kagawo kochepa ka liwu la munthu, kuyambira ma hertz 300 kufika 3,400 (hertz ndi muyeso wa kukwera kapena kutsika kwa liwu), pamene zilembo monga s, f ndi ts zimadalira kwambiri mamvekedwe a pamwamba pa pamenepo. WhatsApp imaposa apo netiweki ikakhala bwino, koma ikafooka imafinya mawu ndi kutaya tizidutswa. Inu mumamva chifukwa mayi anu mumawadziwa ndipo Chichewa chili m'mutu mwanu. Mwana amene akuphunzira kumene alibe chodzazira mipatayo.

Njira imene timagwiritsa ntchito pa wailesi ndi iyi: mawu ajambulidwe komweko kumene mwini wake ali. Mufunika munthu mmodzi kumudzi, kaya mlongo wanu kaya mphwanu, ndi mafoni awiri. Yoyamba, ngakhale ya mabatani, ndi yoti muziyankhulirana ndi mayi monga mwa masiku onse. Yachiwiri ikhale pa flight mode, pa nsalu, pafupi ndi pakamwa pawo, ikujambula. Mafoni awiriwa asagundane, atalikirane ngati mkono umodzi, chifukwa foni imene ili pa netiweki nthawi zina imalowetsa kulira kwa tititi m'zida zoyandikana nayo. Netiweki ikaduka, mayi apitirize nyimbo yawo, chifukwa foni yojambulayo siikudalira netiweki.

Mukafuna kuti mafunso anu amvekenso bwino, jambulani mbali yanu ku Joni komweko ndi foni ya akazi anu. Poyamba muwerenge limodzi ndi akumudzi kuti wani, thu, fili, kuti wodzalumikiza mafayilo awiriwo adzapeze poyambira.

Potumiza ndi pamene ambiri amataya zonse. Mlongo wanu asajambule pogwira kabatani ka voice note m'kati mwa WhatsApp, chifukwa kameneko kamafinya mawu kwambiri kuti asadye bandulo. Ajambule ndi pulogalamu yojambulira mawu imene inabwera ndi foni, ndipo potumiza asankhe Document. Ikapita choncho imafika mmene inalili, ndipo kuyambira 2022 WhatsApp imalola fayilo yofika 2 GB. Za kukula musaope. Pa 128 kbps, womwe ndi muyeso wa ubwino wa mawu ojambulidwa, mphindi imodzi imadya pafupifupi 1 MB, ndiye nthano ya theka la ola ndi 30 MB basi. Mumutumizire ya bandulo ndi ya sopo, paja akhala atasiya ntchito zake.

Nyimbo za pamtondo zikomera kuimbidwa akusinjadi. Mayi akafuna kutero, foni isakhale pansi, chifukwa kugunda kwa munsi kumadzera m'nthaka. Mlongo wanu aigwire m'manja chapafupi ndi nkhope yawo, kutali ndi mtondo.

Bambo, ndine wophunzira ku Zomba ndipo ndikuchita kafukufuku pakati pa asodzi a ku Kachulu pa nyanja ya Chilwa. Ndinagula maikolofoni ya pakolala pamsika koma foni ikuchita ngati sinaione. Andibera? — Wophunzira

Mwina sanakubereni. Yang'anani kachitsulo kolowetsa m'foniko muwerenge mizere yakuda yozungulira. Ikakhala iwiri, ndi ya kamera kapena kompyuta, ndipo foni siilandira popanda kachingwe kosinthira. Ya foni imakhala ndi mizere itatu, ngati ya mahediseti oyankhulira. Foni ikakhala yopanda bowo la mahediseti, mufunika cholumikizira cha USB-C chimene chimalola maikolofoni, ndipo si zonse zimatero. Poyesa, yambani kujambula, mukande pang'ono maikolofoniyo ndi chala, kenako mukande pa kabowo ka foni. Pomvetsera mudziwa imene ikugwira ntchito.

Ngati ndalama zatha, mahediseti anu omwewo ali ndi maikolofoni pa chingwe. Imangireni ndi pini pa malaya a msodziyo, pachifuwa, chikhatho chimodzi pansi pa chibwano, chingwe chisakhuze nsalu. Kunyanja mphepo siitha, ndiye dulani kasiponji muiveke, ndipo munthuyo afulatire mphepo. Musajambule foni ili pa tchaja ya magetsi. Matchaja otchipa amalowetsa kulira kwa mmmm kochokera ku magetsi athu a ma hertz 50, makamaka mukalumikiza maikolofoni ya chingwe. Pawabanki ilibe vuto limeneli kawirikawiri.

Poti inu mukufuna kudzalemba zimene anena, fayilo ya mtundu wa m4a kapena mp3 ya 128 kbps ikukwanirani. Ya mtundu wa WAV imasunga chilichonse koma imadya pafupifupi 5 MB pa mphindi, kupitirira 300 MB pa ola, ndipo kawiri kake ikakhala stereo. Mafoni ena a Samsung ali ndi Interview mode, imene imatsegula maikolofoni ya kumwamba ndi ya kumunsi kuti wofunsa ndi woyankha amveke onse. Asodzi ambiri kumeneko adzasakaniza Chichewa ndi Chilomwe kapena Chiyao, ndiye mawu achilendo muziwafunsa tanthauzo foni ikadali kujambula.

Ndinabwereka mnzanga K400,000 ya bizinesi popanda kulemberana. Tikakhala awiri amavomera kuti adzabweza, koma pagulu amakana. Ndikufuna ndibise foni m'thumba la malaya ndimujambule akuvomera. Ndingachite bwanji kuti zimveke bwino? — Wodandaula, Blantyre

Bambo, ndalama imeneyo si yochepa ndipo kupwetekedwa kwanu ndikukumva. Koma kubisa foni sindikuphunzitsani. Gawo 21 la Malamulo Aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wa chinsinsi, ndipo limatchula kulankhulana kwa anthu, kuphatikizapo makalata ndi lamya. Tonse taona mmene mawu ojambulidwa mobisa amayendera m'magulu a WhatsApp. Wojambulayo amati ndingotumizira mboni imodzi, pofika mawa afika ku mpingo, kuntchito ndi kwa apongozi a munthuyo. Lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security lili ndi milandu ya kuzunza ndi kuvutitsa munthu kudzera pa zipangizo zimenezi, ndipo inu mwini ndalama mutha kusanduka woimbidwa mlandu.

Umboni wina mwina muli nawo kale. Ngati ndalamayo inapita pa Airtel Money, Mpamba kapena kubanki, pali mbiri yake ya tsiku ndi chiwerengero. Mulembereni uthenga waulemu wotchula ndalamayo ndi tsiku limene munamupatsa, mumufunse kuti ayamba liti kubweza. Akayankha kuti mundidikire mwezi uthe, wavomera ndi dzanja lake. Kenako muitanitse mkhalapakati amene nonse mumamulemekeza, mkulu wa mpingo kapena mfumu ya m'dera lanu, mugwirizane kabwezedwe, mulemberane. Pamenepo foni mutha kuiika poyera pa tebulo, n'kunena kuti tijambule kuti pasadzakhale woiwala. Akakana zonsezi, pitani ku Legal Aid Bureau akakuuzeni njira ya kukhoti ndi umboni umene ungalandiridwe.

Bambo, ndili ndi mawu a malemu bambo anga akulangiza pa chinkhoswe changa, koma fani ndi jenereta zikumveka kwambiri. Zingakonzeke? Ndipo ali m'foni imodzi yokhayi. — Mayi wa ku Kasungu

Mayi, yambani ndi chiganizo chanu chomalizacho, lero lomwe. Foni imabedwa, imagwera m'madzi, memori khadi imafa osadwala. Fayiloyo muitumize ngati Document kwa abale awiri, ina muiike pa fulashi kapena pa kompyuta, ina pa Google Drive, imene imapereka 15 GB yaulere kwa aliyense wokhala ndi Gmail.

Kukonza kumatheka pang'ono, ndipo mwayi wanu ndi wakuti fani ndi jenereta zimalira mofanana osasintha. Pali pulogalamu yaulere ya pa kompyuta yotchedwa Audacity. Mumaisonyeza kachigawo kamene bambo anapuma, pomwe pakumveka phokoso lokhalo, ndipo imalichepetsa m'fayilo yonse. Wokuthandizaniyo asakokere kwambiri, chifukwa mawu amayamba kumveka ngati munthu ali pansi pa madzi. Kulira kwa mwana, nthungululu kapena anthu oyankhulira pamodzi, zimenezo Audacity siichotsa. Mapulogalamu atsopano a pa intaneti oyeretsa mawu ndawayesapo pa Chichewa. Phokoso amachotsadi, koma pamene liwu silikumveka bwino ena amalipotoza kukhala mawu amene munthuyo sananene. Pa malangizo a bambo anu zimenezo sindingazilole. Mukayesa chilichonse, yeserani pa kope, yoyambirirayo isakhudzidwe.

Dzina la fayilo mulisinthenso. Hugh Tracey, amene anayambitsa International Library of African Music mu 1954, anayenda m'dziko muno mu 1950, 1957 ndi 1958 akujambula oimba bangwe, kalimba ndi nyimbo za m'midzi. Maikolofoni ankaigwira m'manja n'kumaisendeza kwa woimba aliyense, ndipo ankalemba dzina la woimba, malo ndi chiyankhulo. Zojambula zakezo zikusungidwa ku Rhodes University ku South Africa, ndipo chifukwa cha zolembazo, munthu atha kudziwa lero kuti nyimbo yakutiyakuti inaimbidwa ku boma liti ndipo anaimba ndani. Yanuyo pakadali pano mwina ili ndi dzina ngati Recording 014. Ilembeni dzina la bambo, chinkhoswe cha yani, mudzi ndi chaka. Kenako khalani pansi ndi mayi anu kapena ankhoswe amene analipo tsikulo, mumvetsere limodzi ndi mahediseti, mulembe m'kope liwu ndi liwu. Pamene jenereta yakwirira, iwo angakumbukire zimene bambo ananena, ndipo mawu amenewo muwalembe ndi inki ya mtundu wina.